Imitsani Sewerolo, Mayi Uja Ali ndi Funso

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, kuopa kuti wina amene anandiona tsikulo angadzandiyalutse: nanenso ndinalira. Kunali kumayambiriro kwa 2023, kolera atatikhalira pakhosi mu Lilongwe muno. Sukulu za mumzinda zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale, pazipatala panali mahema, ndipo mu Febuluwale mtsogoleri wa dziko anapita ku Mgona kukakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera. Pomwe mliriwo unkazilala, anthu oposa 1,700 anali atapita kumanda m'dziko lonse. Si nkhani yocheza, ndipo zimene ndilembe pano wina asazimve ngati ndikupeputsa kusamba m'manja.

Masana ena mvula itapumako, lole inaima pabwalo lina ku Chinsapo. Zokuzira mawu zinayamba kugunda, ana n'kuthamangira konko, ife akuluakulu n'kumatsatira pang'onopang'ono ngati sitikufuna. Anyamata ndi atsikana ovala matisheti ofanana anatsitsa benchi, ndowa ndi mphasa. Bungwe lake sindilitchula. Masewero amtunduwu amafanana ngati mandasi a m'beseni limodzi, ndiye kutola limodzi n'kulinena kungakhale kukondera enawo.

Nkhani yake mukuidziwa kale ngakhale kunalibe inu. Pali mayi wina, timutche Nabanda, wauve ndi wamakani. Amatunga madzi pachitsime chosavindikira, sathira mankhwala, akachoka kuchimbudzi amangopukutira manja pachitenje. Pali mnzake woyandikana naye nyumba, waukhondo, wolankhula ngati kapepala ka kuchipatala. Amamulangiza, Nabanda amamunyoza, ife timaseka. Kenaka mwana wa Nabanda atsegula m'mimba, mayi achedwa kupita naye kuchipatala, mwana amwalira. Apa ndiye pamene mtsikana wosewera Nabanda anationetsa luso. Anadzigwetsa pansi, kugubuduka m'matope, misozi yeniyeni ikutsika, anzake atayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi. Amayi amene anali pafupi nane anayamba kufwenthera m'zitenje, ndipo kumbukirani kuti masiku amenewo maliro enieni anali paliponse. Ine ndinayang'ana kumbali n'kumanamizira fumbi, chonsecho kunali matope okhaokha.

Sewero litatha, mnyamata wa maikolofoni anafunsa khamulo kuti Nabanda analakwitsa chiyani. Ana anakuwa kuti sanasambe m'manja, ndipo amene anakuwa kwambiri analandira sopo. Ndiye mayi wina amene anaima kumbuyo, atangofika kumene, chigubu chopanda kanthu chili m'manja, anafunsa mokweza koma mosapsa mtima n'komwe: "Nanga achimwene, madzi osambawo akanawatenga kuti, poti pakiyosiki lero ndi tsiku lachitatu sakutuluka?" Mnyamatayo anati funsolo ndi labwino kwambiri, alitengera kwa akuluakulu. Anakodola wa zokuzira mawu, nyimbo inakwera, ana n'kuyamba kuvina. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi uja anatsekula, ife tinamutsekera ndi nyimbo.

Mnyamatayo ndilibe naye mlandu. Mwano analibe, anachita zimene anamutuma. Chimene chakhala chikundidya kuyambira tsikulo n'chakuti pa khamu lonse lija, amene anali ndi funso anali mmodzi yekha, ndipo ndi amene anaphonya kulira kuja chifukwa chofika mochedwa. Enafe tinali titakhuta misozi. Tinali titamuweruza kale Nabanda, titamumvera chisoni, titamukhululukira, mitima itapepuka ngati tikuchokera ku mapemphero. Ambiri a ife tikukhala m'nyumba za lendi momwe mabanja angapo amagawana chimbudzi chimodzi, chitsime chili mapazi owerengeka kuchoka pachimbudzipo, koma kwa mphindi 40 tinavomera ndi mtima wonse kuti mwana uja anaphedwa ndi uve wa amake. Sewero silinatinamize ndi mawu ayi. Linangotigwira pamtima mwamphamvu mwakuti mutu unasowa polowera.

Ndiye ndikunena pano, amene akwiye akwiye: sewero loliza anthu pabwalo la m'tauni, pa nkhani ngati ya madzi, ya malo, ya mimba za ana asukulu, limathandiza kuti zinthu zikhale momwe zilili. Limatenga mlandu wa anthu ambiri n'kuusenzetsa mayi mmodzi wosauka, ndipo misozi yathu ndiyo nkhata yake.

Nkhawa imeneyi woyamba kukhala nayo si ine. Bertolt Brecht, Mjeremani wolemba masewero, anabadwa mu 1898 ku Augsburg, anathawa kwawo mu 1933 Hitler atatenga boma, ndipo anamwalira ku Berlin mu 1956. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 ankakayikira kale chisudzo chilichonse chofuna kuti woonerera aiwale kuti akuonerera. Ataona ndi maso ake mmene khamu limatengekera likapatsidwa nyimbo, miuni, mbendera ndi munthu wodziwa kugwedeza mitima, kukayikirako kunasanduka nkhondo ya moyo wake wonse. Ankafuna wokhala pampando akhale maso, azitha kunena mumtima kuti, iyayi, apa zikanatheka kuyenda mwina. Munthu wofuna kuona nyumba yonse saima atatsamira khoma, amabwerera m'mbuyo pang'ono. Kubwerera m'mbuyo kumeneko ndiko ndikutcha mtunda m'nkhani ino.

Njira zake zinali zogwirika. Nyali zowunikira pansanja ankazisiya poyera, kuti uone kuti kuwalako n'kwa magetsi, usamati ndi mwezi. Katani inali yaifupi, yolekeza pakati, moti unkaona anthu akusuntha katundu kuseri. Gawo lisanayambe, mawu olembedwa ankakuuziratu chimene chichitike, kuti usatanganidwe ndi kuti zitha bwanji, diso lako lipite pa mmene zikuchitikira ndi chifukwa chake. Nyimbo sinkabwera kudzathira mchere pa chisoni. Inkadula nkhani pakati, woyimbayo atatembenukira kwa anthu. Ndipo wosewera sankayenera kusanduka munthu amene akumusewera. Ankayenera kumuonetsa, ngati akuti: taonani mmene munthu uyu anachitira. Zonsezi anazitcha Verfremdung, ndiko kutenga chinthu chimene tachizolowera mpaka sitichionanso, n'kuchiika mwanjira yoti chioneke chachilendo, tidabwe nacho. Chigubu chopanda madzi ku Chinsapo palibe amene amadabwa nacho. Ntchito ya sewero lija ikanakhala kutidabwitsa nacho.

Ndikudziwa chimene anzanga a zisudzo anene, poti ena anandiuza kale pamaso. Amati zimenezo n'za azungu ophunzira okhala m'maholo. Anthu athu amafuna kuseka ndi kulira basi, ukawapatsa zoganiza amabalalika. Ine mawu akuti "anthu athu" akatuluka pakamwa pa munthu wa alawansi ndimayamba ndagwira thumba langa. Anthu athu ake ati?

Brecht mwiniwake, pofuna kufotokoza chisudzo chimene ankachilota, chitsanzo chake chinali cha pamsewu: munthu amene waona ngozi akufotokozera amene afika mochedwa. Kaimeni tsiku lina pa Biwi, kapena pa Nsungwi ku Area 25, minibasi itagunda wa kabaza. Pasanathe mphindi zisanu wina wayamba kale: "Iyeyu amachokera uku, chonchi, maso ali pafoni. Dalaivala anabwera apa, n'kukhota chonchi." Wapinda msana ngati wa njinga, kenaka wagwira chiwongolero cha mumpweya, kenaka wabwerera kukhala iye mwini n'kumati, "Mwaona? Apa akanaima." Wina akumutsutsa: "Bodza limenelo akulu, sanali pafoni, tabwerezani." Ndipo amabwerezadi. Palibe amene amaganiza kuti mboniyo ndi dalaivala. Palibe amene amamuombera m'manja kuti walira bwino. Onse akufuna chinthu chimodzi, kudziwa wolakwa ndi amene akonzetse njinga. Chisudzo chimene akuti n'chovuta kwa anthu athu chimachitika pa siteji iliyonse ya minibasi, ulere.

Bwererani kumudzi, kapena pakhonde la agogo ku Kawale komweku. Wokamba nthano savala chikopa cha fisi. Amakhala pomwe wakhalapo, pakamwa pamodzi pomwepo patuluke Kalulu, patuluke Njovu, kenaka patuluke iye mwini akutiuza kuti koma Fisi ndi wopusa inu. Ife timayankha kuti tili tonse, ndipo kuyankhako ndi ntchito: mukasiya, nthano imaima. Nyimbo ikafika timaimba nawo, nkhani imadikira. Mwana wamakani amatha kunena kuti, agogo, dzulo simunatero, ndipo agogo amayenera kudziteteza.

Za kudambwe sindilowako, si zanga zokamba pano. Ndikunena zimene aliyense amaona gule akatuluka, ngakhale m'makwalala a ku Mgona ndi ku Chinsapo pa maliro. Simoni akabwera ndi nkhope yake yofiira, akuyenda monyang'wa ngati mzungu wakale, palibe amene amalira naye kapena kulakalaka kukhala iye. Timamuyang'ana, timaseka, timazindikira khalidwe limene akutionetsa, amayi akuyankha nyimbo chapatali. Mtunda umene uli pakati pa chilombo ndi ife ndiwo umatipatsa maso. A UNESCO anamulemba Gule Wamkulu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2005, koma makolo anadziwa kalekale kuti khalidwe loipa umalionetsa litavala nkhope ina kuti anthu alione bwino. Nayenso Brecht zina anakazitola kwa eni ake: mu 1935 ku Moscow anaonerera Mei Lanfang, katswiri wa ku China, bambo wosewera mbali za akazi, ndipo chimene chinamugwira n'chakuti munthuyo sankanamizira kuti palibe amene akumuona. Ndiye wina aziti zimenezi n'zachizungu?

Ngakhale ana a masiku ano. Lowani m'kachisakasa ka vidiyo ku Area 23 momwe akuonetsa filimu yakunja yomasuliridwa m'Chichewa. Womasulira uja samangomasulira. Amawapatsa anthu a m'filimu maina akwathu, amawanyoza, amakuuziratu kuti uyu masiku ake atha, amaponyamo nthabwala pakati penipeni pa nkhondo. Anyamata amaseka, ena amatsutsana naye. Ku Bingu National Stadium n'chimodzimodzi: wa Silver kapena wa Bullets amakonda timu yake mpaka misozi, koma diso lili pa woyimbira mpira, ndipo akuuzani mphindi yeniyeni imene kochi analakwitsa. Brecht ankasirira oonerera nkhonya pa chifukwa chomwechi, kuti amatentha mtima koma malamulo amawadziwa ndipo amaweruza.

Chobwera pano ndi sewero lotsekedwa lija, la nsanja yokwera, katani yaitali, ndi mphunzitsi woyenda ndi kandodo kuti aliyense akhale chete. Linalowera ku sukulu ndi ku maholo a mipingo. Mipikisano ya m'sekondale, monga ya ATEM, inatipatsa akatswiri ambiri ndipo sindiinyoza, koma ambirife tinatulukako tikukhulupirira kuti wosewera wabwino ndi amene waiwala kuti ife tilipo, makamaka akagwetsa msozi weniweni. Mabungwe atabwera ndi mauthenga awo anapeza chida chokonzeka kale.

Chondiwawa n'chakuti njira ina tinali nayo m'manja, yoyesedwa konkuno. Gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College, m'nthawi ya Chris Kamlongera ndi David Kerr, linapita ku Mbalachanda ku Mzimba mu 1981, ndipo cha pakati pa zaka za m'ma 1980 linagwira ntchito ndi a zaumoyo m'midzi ya ku Liwonde, monga pa Mwima. Nkhani zake zinali zomwezi: zitsime, zimbudzi, matenda otsegula m'mimba. Koma ankayamba amva kaye za anthu a m'mudzimo, sewero n'kulipanga popanda pepala, ndipo pakati pa sewero wosewera ankatembenukira kwa anthu n'kufunsa kuti, nanga apa nditani? Ankati kumeneko ndi kutsegula sewero, ndipo n'zomwe wokamba nthano amachita. Anthu ankalowerera, kukangana, nkhani n'kukhota malinga ndi zimene anena.

Kumbukirani nthawi yake. Lamulo la 1968 linkafuna kuti masewero ayambe adutsa ku Censorship Board asanaonetsedwe. Mu 1987 Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa koleji yomweyo, anatengedwa n'kukatsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Masiku amenewo funso lililonse linali ndi malire ake, ndipo palibe wosewera amene akanafunsa za makadi a chipani pabwalo. Komabe anthu aja, Kamuzu ali pampando, ankalola mlimi kudula sewero pakati. Ife lero, patatha zaka zoposa 30 chiyambireni zipani zambiri, tikukweza nyimbo mayi akafunsa za madzi. Apayoniya kulibe, eti. Chimene chikutitseka pakamwa ndi fomu ya lipoti, imene ili ndi bokosi lolembamo anthu angati afikiridwa ndi uthenga, koma ilibe bokosi la funso limene latisowetsa yankho.

Wina anena kuti, koma mnyamata uja anafunsa anthu, si kutsegula sewero kumeneko? Ayi ndithu. Funso limene yankho lake lili kale m'thumba pamodzi ndi sopo ndi mayeso a sitandade 2. Augusto Boal wa ku Brazil, amene anamangidwa ndi boma la asilikali mu 1971 n'kuthawira kunja, ndiye anakulitsa njira yoti woonerera aimitse sewero, alowe pabwalo, atenge malo a wovutikayo n'kuyesa nzeru zake. Kuno a Theatre for a Change, omwe ali mu Lilongwe momwemuno, amagwiritsa ntchito njira yotere, ndipo si okhawo. Koma njirayi ili ndi fupa lake: pabwalo payenera kukhala wina wamphamvu woti ulimbane naye. M'sewero la ku Chinsapo munalibe landilodi, munalibe wogulitsa madzi, munalibe khansala, munalibe amene analola kuti nyumba zithinane chonchija popanda ngalande. Mdani anali umbuli wa Nabanda basi. Ukachotsa wamphamvu m'sewero, ngakhale uitane anthu khumi alowe m'malo mwa Nabanda, onse adzangosamba m'manja mwaluso losiyanasiyana ndi madzi a mumpweya.

Tsono ndisanamizire kuti mtunda ndi mankhwala ochiza zonse. Brecht yemweyo zinamukanikapo. Mu 1939 analemba Mother Courage, nkhani ya mayi wa geni amene amakoka ngolo yake ya malonda kutsatira asilikali pa nkhondo ya zaka 30 ya ku Ulaya, ija ya 1618 mpaka 1648. Nkhondo imene ikumudyetsa ndi yomweyo ikumudyera ana, onse atatu, ndipo mmodzi amawomberedwa mayiyo ali kalikiliki kunenerera ndalama zomuwombolera. Brecht ankafuna tione kuti mayiyu saphunzirapo kanthu, kuti ophunzira tikhale ife. Litaonetsedwa koyamba ku Zurich mu 1941, anthu anangomumvera chisoni ngati mayi wolimba mtima wokanthidwa ndi tsoka. Brecht anakonzanso magawo ena kuti mayiyo aumeko mtima lisanaonetsedwe ku Berlin mu 1949, mkazi wake Helene Weigel akusewera mbaliyo, koma ambiri anamumverabe chisoni. Mtima wa munthu sumvera chikwangwani nthawi zonse.

Palinso anzathu ena ochokera ku makoleji amene anamva theka la nkhaniyi n'kuganiza kuti mtunda ndi kuzizira. Ndinaonererapo sewero lotere m'holo ina mumzinda muno: onse atavala zakuda, akulankhula ngati akuwerenga mita ya magetsi, nkhope zili gwa. Tinatuluka titaganiza zedi, koma tinkaganiza za minibasi yomaliza. Sizimene ndikupempha zimenezo. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, ankatiseketsa mpaka nthiti kuwawa, koma sitinkaiwala kuti ndi anthu awiri amene akutisewerera, ndipo pobwerera kunyumba tinkakangana kuti wopusa weniweni anali ndani. Kuseka kumene kuja kunali mtunda. Chisoni nachonso chili ndi malo ake. Mwana akafa m'sewero sindikufuna anthu akhale ngati miyala. Ndikungokana kuti chisonicho chithere pa Nabanda, chisapite kwina kulikonse.

Ndiye tinene kuti lole ija andibwereka ine. Zokuzira mawu ndikanazisiya kuofesi. Sewero lisanayambe, mwana mmodzi akanazungulira bwalo ndi katoni yolembedwa ndi makala: mwana wa Nabanda amwalira pakutha pa sewero lino, yang'anitsitsani amene akanaletsa. Basi, chinsinsi chatha, tsopano aliyense ndi wofufuza. Zovala zonse zikanakhala pachingwe poonekera. Mtsikana uja akanamanga chitenje pamaso pathu n'kunena kuti, ine ndisewera Nabanda, sindigwirizana naye pa zonse, koma ndikuonetsani mmene tsiku lake limayendera. Chigubu tikanabwereka kwa munthu wa m'khamumo.

Kenaka masamu, poyera. Nabanda wabwera kuganyu ndi ndalama m'kansalu, ndipo wosewerayo akutembenukira kwa ife: ndowa ikugula zingati lero pakiyosiki? Nanga madzi akasowa, ogulitsa oyendayenda amati zingati? Makala oti ndiwiritsire madzi, kajumbo n'zingati? Sopo? Ufa wa madzulo ano? Mitengo isachokere kuofesi, itchulidwe ndi amayi omwe aima pamenepowo, wina azilemba pakatoni. Ndalama zikaperewera, ndipo ziperewera, wosewera afunse kuti, ndisiye chiti? Anthu akangane. Wina adzati siya sopo, wina adzati ana agone ndi njala ndiye, wina adzati kakongole. Chimene khamu lasankha ndicho Nabanda achite. Mwana akadwala pambuyo pake, palibe amene adzaloze Nabanda chala momasuka, chifukwa chisankho chinali chathu tonse.

Nyimbo ya maliro iyambe ndithu, anthu amve kuwawa. Koma ifike pakati, woyimbayo aidule yekha. Mwana wakufa uja adzuke pamphasa, akhale pabenchi, anene kuti tabwerezani m'mawa uja, koma ulendo uno mpopi ukutuluka. Tione chimene chasintha. Tibwerezenso, ulendo uno Nabanda apite kwa landilodi kukanena za chimbudzi chodzadza, ndipo amene akuganiza kuti angalankhule bwino kuposa iye alowe ayese. Mnyamata mmodzi yemweyo asewere landilodi, wogulitsa madzi ndi khansala, azingosintha chipewa ife tikuona, kuti tisatanganidwe ndi zoti uyu ndi woipa mtima, tione mpando umene wakhalapo ndi zimene mpandowo umamulola kuchita. Nayenso apatsidwe mayankho ake enieni, amphamvu, chifukwa landilodi wa ku Mgona si chilombo, nthawi zambiri ndi mayi wamasiye amene lendiyo ndiyo penshoni yake. Pambali pakhale mpando wopanda munthu, wolembedwa udindo wa amene tinamuitana koma sanabwere, ndipo mafunso ena apite kumpando umenewo.

Zonsezi mtengo wake ndi katoni, makala ndi chingwe. Chodula n'chakuti sewero lotere sudziwa kumene lithere, ndipo olamula amadziwa kusiyanitsa. Ku Kenya mu 1977, Ngugi wa Thiong'o ndi Ngugi wa Mirii anapanga sewero la Ngaahika Ndeenda pamodzi ndi alimi ndi antchito a ku Kamiriithu, m'Chikikuyu, akuyeserera poyera, odutsa m'njira akukonza zimene olembawo analakwitsa. Boma linaliletsa, Ngugi wa Thiong'o anatsekeredwa chakumapeto kwa chaka chomwecho n'kukhala m'ndende pafupifupi chaka, ndipo mu 1982 bwalo limene anthuwo anamanga ndi manja awo linagwetsedwa. Bwalo la sewero la kusamba m'manja palibe amene angavutike kuligwetsa. Kwathu kuno chilango chake n'chaching'ono poyerekeza: gulu lanu silidzaitanidwanso, ntchito idzapita kwa ena odziwa kuliza.

Ndipo apa ndiyenera kufatsa, chifukwa anyamata a matisheti aja ndimawadziwa mtundu wawo. Alawansi ya tsiku limenelo ndiyo lendi, ndiyo fizi ya mng'ono wawo. N'kosavuta kwa ine, ndili pampando, kuwauza kuti aike pachiswe nsima yawo. Mkangano wanga uli ndi amene amalemba uthenga asanapondeko ku Chinsapo, amene amayeza sewero ndi kuchuluka kwa mitu ndi zithunzi za amayi akulira, ndiponso ndi ife olemba ndi otsogolera zisudzo amene timadziwa bwino lomwe njira inayo koma timati anthu athu sangamve. Wopereka ndalama wofunadi kuti kolera athe ayenera kusangalala ndi funso la mayi wa chigubu kuposa mayankho 100 a ana olandira sopo, pakuti funso limenelo ndilo likumuuza pamene ndalama yake ikudontha. Ngati salifuna, atiuze poyera kuti akugula zithunzi.

Mtsikana amene anasewera Nabanda ali ndi luso loopsa, ndipo ndicho chifukwa chake nkhaniyi ikundiwawa; wosadziwa kusewera sakanatha kutitseka mitu tonse tija. Ndikufuna ndidzamuone tsiku lina ali pakati pa kulira kuja, ataima mwadzidzidzi, atasasa matope pachitenje, n'kuyenda mpaka kumbuyo kwa khamu kukapereka maikolofoni kwa mayi wa chigubu, wa zokuzira mawu manja ali m'thumba.